Kabokosi koponda ndi phazi pa zokuzira mawu: lipoti la ntchito ya pagombe ku Mangochi

Ntchito yanga ndi yobwereketsa ndi kuyendetsa zokuzira mawu. Ndimakhala pa boma pa Mangochi, ndipo ntchito zambiri ndimazipeza m'maukwati, m'zinkhoswe ndi m'malo ogona alendo amene andanda m'mbali mwa nyanja panjira yopita ku Monkey Bay. Lipoti ili ndi la oyimba awiri amene ndinagwira nawo ntchito masiku atatu a Loweruka otsatizana m'mwezi wa Julayi, mwera uli pachimake. Chida chimene chinativuta ndi chija woyimba gitala amagunda ndi phazi manja ali pa nsambo. Anzanga ena akachilandira amangochisomeka pa mikisa, makina osakanizira mawu, n'kukweza mawu, zikakanika n'kumati chidacho n'chachabe. Inenso ndinachita zomwezo tsiku loyamba, ndipo chimene chinavutika nazo ndi mwendo wa munthu wamkulu.

Oyimba ndi zida zawo

Kayimbidwe aka si kachilendo kwathu kuno. Amene anaonerapo Madalitso Band akudziwa kuti Yosefe Kalekeni amayimba gitala ya nsambo zinayi uku akugunda ng'oma ya chikopa cha ng'ombe ndi chidendene, Yobu Maligwa ali pa babatoni, gitala yaikulu ya waya mmodzi yotulutsa bezi. Gasper Nali wa ku Nkhata Bay nayenso amayimba babatoni phazi lili pa ng'oma. Anthu awiri, ngakhale mmodzi, amamveka ngati gulu lathunthu chifukwa phazilo ndi limene limanyamula gule. Likasowa, anthu amamvetsera ndithu koma sadzuka pamipando.

Oyimba anga anali a mtundu umenewu. Wamkulu, bambo wa zaka zoposa 50, ndiye wa gitala ndi phazi. Wa babatoni ndi muphwa wawo. Kwa zaka zambiri bamboyu ankayenda ndi ng'oma ya chikopa, koma ng'oma ndi katundu: mu minibasi imalipiritsidwa, pa kabaza siikwana pamodzi ndi gitala. Ndiye anapita kwa kalipentala amene anawakhomera kabokosi ka mlombwa kotalika masentimita 30, pamwamba pake n'kuikapo kathabwa kopyapyala. Mnyamata wina wokonza mawailesi anamata piezo kunsi kwa kathabwako n'kuboola pambali polowa jack. Piezo ndi kachitsulo kozungulira ngati ndalama, aka kanali ka mamilimita 27, kamene kamapezeka m'tizipangizo tolira tii-tii. Kakapindika ngakhale pang'ono kamatulutsa magetsi, ndipo magetsiwo ndi amene timawasandutsa mawu. Pachingerezi chida chonsechi amati stomp box. Bamboyu ankangoti kabokosi, ndipo inenso ndizitero.

Kumbali yanga kunali mikisa ya matchanelo 12, masipika awiri a mainchesi 15, masabu (masipika a bezi) awiri a mainchesi 18 ndi mamonita (masipika oyang'ana oyimba kuti azidzimva) awiri a mainchesi 12. Magetsi anali a jenereta ya petulo ya 5 kVA ya eni malo.

Loweruka loyamba

Unali ukwati. Eni malo anali atakhoma siteji ya matabwa pamchenga, yokwera theka la mita, kunsi kwake kuli mpata woti mwana n'kukwawamo. Inayang'anizana ndi khoma la nyumba yodyera, mtunda wa mamita ngati 20. Masabu ndinawakweza pasitejipo, ina kumanja ina kumanzere, poopa mchenga ndi ana. Kabokosi ndinakalumikiza ndi chingwe cha gitala cha mamita 10, molunjika pa bowo la line (losomekapo jack) la tchanelo 5 pa mikisa. Tinayesa mwaphuma chifukwa akwati anali atanyamuka kale kutchalitchi. Bambo anagunda kawiri katatu, mawu anatuluka, ine ndinati zatheka.

Nyimbo yoyamba itangoyamba ndinadziwa kuti sizinatheke. Kabokosi kankangoti tho, tho, tho, ngati munthu akugogoda pachitseko. Kugunda kwa pachifuwa kuja, kumene kumadzutsa azakhali ndi ankhoswe, kunalibe. Ndinakweza gain, batani lokulitsa mawu akamalowa mu mikisa, ndinapotoza batani la bezi mpaka polekezera. Bezi inabwera pang'ono, koma pambuyo pake panadzuka kulira kwakuya, huuuu, kumene kunkakula kokha mpaka matabwa a siteji kunjenjemera. Ndikatsitsa, kulira kumaleka, kabokosi n'kusowa. Ndikakweza, kulira n'kubwerera. Pansi pa zonsezi panalinso kung'ung'uza kosalekeza, kumene kunkamveka bwino nyimbo ikatha.

Maso anga anathera pa mikisa, ndipo ndinachedwa kuona zimene zinkachitika pasiteji. Bamboyu, posamva phazi lawo, anayamba kuponda mwamphamvu. Poyamba chidendene chinkangonyamuka pang'ono. Pofika nthawi ya perekaniperekani ankanyamula bondo lonse n'kuligwetsa. Munthu akamaponda choncho amathamanga, ndipo nyimbo zinayambadi kuthamanga, wa babatoni akuwalondola movutikira. Nyimbo ina itatha anandikodola.

"Achimwene, kodi kabokosi kanga mwakazimitsa?"

"Ayi bambo, kalipo. Kunoko kakumveka."

"Ine kuno sindikukamva. Ndikungoponda thabwa."

Titamaliza, ndikupinda zingwe, muphwa wawo anabwera. "Amalume akulephera kuvala nsapato," anatero. Ndinakawapeza atakhala pa kreti, mwendo atautambasula, chidendene chitatupa, katumba atauma gwa. Anali ataponda kwa maola 4. Sanandidzudzule. Anangoti mwina kalipentala anawakhomera chinthu chabodza, bola abwerere ku ng'oma yawo. Ndinawapempha kuti andisiyire kabokosiko mpaka Lachitatu. Ndinawauzanso kuti kutupako akakaonetse kuchipatala, pakuti imeneyo si ntchito ya munthu wa zingwe.

Zimene ndinapeza pakhonde

Lolemba m'mawa ndinayala zida pakhonde la simenti kunyumba. Mwana wanga wamwamuna ndiye ankaponda, ine ndili pa mikisa. Ndinadziikira lamulo loti ndizisintha chinthu chimodzi chokha, kumvetsera, kenako china. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo Loweruka lija kudekha ndi kumene kunasowa.

Choyamba chinandipweteka mtima. Pa tchanelo 5 batani la low cut linali lodinikiza, kuchokera pa msonkhano wa sabata yapitayo pamene panali maiki ya wolankhula. Pa mikisa yanga batani limeneli limadula mawu a pansi pa 100 Hz (Hz ndi muyeso wa kuya kwa mawu: nambala ikachepa, mawu ndi akuya), pa mamikisa ena ndi 75 kapena 80. Pa maiki ya munthu ndi lothandiza, limachotsa phokoso la mphepo ndi la manja. Koma kugunda kwa ng'oma ya phazi kumakhala pakati pa 50 ndi 80 Hz. Ndiye kuti usiku wonse uja dzanja lina linkadula bezi, lina likuikweza.

Nditalidzutsa zinasinthako, koma kabokosi kanali kakadagogodabe. Vuto lenileni linali pa bowo limene ndinasomekapo chingwe.

Piezo ili ngati kasupe wotumphuka mwamphamvu koma wa madzi ochepa. Ukamatunga ndi kachikho amakwana, ukamulumikiza ku mpope waukulu amaphwa nthawi yomweyo. Pa zamagetsi nkhaniyi timati impedance. Bowo la line pa mamikisa ambiri lili ndi pafupifupi 10 kilo-ohm, pamene piezo imafuna 1 megaohm kapena kuposa, ndiye kuti kuchulukitsa ka 100. Ikapatsidwa zochepa, choyamba kuphwa ndi bezi. Kachitsulo ka mamilimita 27 kamakhala ndi capacitance, mphamvu yosunga magetsi, ya pafupifupi 20 nanofarad. Ukawerengetsera, pa 10 kilo-ohm mawu amayamba kuchepa kuyambira cha pa 800 Hz kutsika, ndipo pofika pa 60 Hz amakhala atagwa ndi ma decibel oposa 20. Pa 1 megaohm malire amenewo amatsika kufika cha pa 8 Hz, kumene khutu la munthu silifika n'komwe, pakuti ife timalekezera cha pa 20 Hz. Kalipentala analibe mlandu, mnyamata wa mawailesi analibenso mlandu. Bezi inalimo m'kabokosimo kuyambira kale, koma inkathera pakhomo la mikisa yanga.

Mankhwala ake ndi DI, chipangizo chokhala pakati pa chida choyimbira ndi mikisa, ya mtundu wa active, imene ndinabwereka kwa mnzanga woyimba kiyibodi kutchalitchi. Imalandira jack mbali ina, mbali inayo n'kutulutsa XLR, pulagi ya mapini atatu ya zingwe za maiki, ndipo imadya magetsi a phantom a 48 V ochokera mu mikisa kapena batire ya 9 V. Ndinaiika pafupi ndi kabokosi, ndi chingwe cha jack cha mamita 2 okha, mtunda wonse wotsala ukhale wa XLR. Mwana ataponda kamodzi, malata a khonde anayankha, nkhuku pabwalo n'kubalalika. Kanyali kofiira kanayaka pa mikisa, chifukwa piezo ikamenyedwa kwambiri imatulutsa mavoti angapo, ndiye ndinadinikiza pad, batani lochepetsa mphamvu yolowa, pa DI n'kuyambanso gain kuchokera pansi.

Ndinayesanso DI yanga ya passive, yopanda batire. Inaposa bowo la line, koma bezi siinakwane ngati pa active. Kwa amene alibe DI ya active pali njira ina: mapedulo ang'onoang'ono a gitala a Boss, ngakhale ka tuner, ambiri amalandira pa 1 megaohm ndipo buffer yawo, gawo limene limateteza mawu kuti asaphwe, imagwira ntchito ngakhale pedulo ili yozimitsa, bola batire ilimo. Kabokosi kalowe mu pedulo, pedulo ilowe mu DI wamba kapena pa line, bezi imadutsa.

Kenako ndinatsegula kabokosi. Piezo inamatidwa ndi guluu wouma pakati penipeni, pamene chidendene chimagwera, n'chifukwa chake kugogoda kunali kwakuthwa. Ndinaimatula mosamala, chifukwa mbali yake yoyera imasweka ngati mbale, n'kuisendeza cha kumphepete. Pakati pa iyo ndi thabwa ndinaikapo kachidutswa ka chubu cha njinga. Pa EQ, mabatani okweza kapena kutsitsa zigawo za mawu, ndinatsitsa pakati pa 300 ndi 500 Hz, pamene pamakhala mawu a katoni, ndinakweza pang'ono cha pa 65 Hz, ndipo ndinasiya kugogoda pang'ono cha pa 2 mpaka 3 kHz. Kugogodako kusathe konse. Anthu a kumbuyo, ndi achibale amene adzaonere ukwatiwo pa foni, amamva phazi kudzera m'kugogodako, pakuti kasipika ka foni sikatulutsa 65 Hz.

Njira ina imene ndinayesa ndi yoika sipika yakale ya wailesi, ya mainchesi 6, m'kati mwa bokosi kuti igwire ntchito ngati maiki, mawaya ake awiri n'kuwotcherera pa pini 2 ndi pini 3 za XLR. Siifuna DI ndipo bezi yake ndi yakuya mokoma. Koma inalibe kugogoda, ndipo m'kabokosi ka bamboyu siinkakwana. Ndinaisiya.

Siteji imene inali ng'oma

Lachitatu ndinapita ku malo aja, pakuti Loweruka lotsatira kunalinso ukwati pomwepo. Ndinalumikiza zonse monga poyamba, kusiyana kwake kabokosi kali kokonzedwa. Kulira kuja kunabwera msanga kuposa kale. Sizinandidabwitse: tsopano bezi inkadutsa, ndiye njira yake yozungulira inatseguka. Sabu imagwedeza matabwa, matabwa amagwedeza kabokosi, piezo imamva, mikisa imatumizanso ku sabu, basi gudumu layamba kuzungulira. Kuti nditsimikize, ndinapita pangodya ya siteji, kutali ndi kabokosi, n'kuponda thabwa ndi nsapato. M'masabu munatuluka gu! Siteji yonse inali ng'oma yaikulu yamphako, ife titakhala pachikopa pake.

Anzanga ena kulira kotere kukayamba amatembenuza sabu kuti iyang'ane kwina. Pa masipika a pamwamba zimathandiza, pa sabu wamba ayi. Mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi, ndiye funde limodzi la 60 Hz ndi lotalika mamita 5.7. Funde lotero limazungulira bokosi la sabu ngati palibe kanthu, kutsogolo ndi kumbuyo n'chimodzimodzi. Chofunika ndi kudula njira ya m'matabwa.

Masabu tinawatsitsa. Tinawaika pamchenga, pa mapaleti, onse awiri pamodzi pakati, mamita 2 kutsogolo kwa siteji osaikhudza paliponse. Kuwagundanitsa kuli ndi phindu linanso: akakhala motalikirana, pabwalo pamakhala mizere ina imene bezi imachuluka ndi ina imene imafafanizana, koma akakhala pamodzi amagunda ngati imodzi. Ndinaziona koyamba pamene Lake of Stars inkachitikira ku Nkopola mu 2010 ndi 2011, masabu atandanda pansi kutsogolo kwa siteji, koma nthawi imeneyo ndinkangoti n'kusowa malo.

Kunsi kwa kabokosi tinaikako silabu ya simenti, ija amayala m'njira za m'malo ogona alendo, ndipo kunsi kwa silabuyo tinaikako zidutswa zinayi za patapata wakale. Kulemera kwa simenti ndi kufewa kwa mphira, ziwirizi pamodzi, ndi zimene zimaletsa kunjenjemera kukwera. Mphira yokha popanda cholemera siithandiza kwenikweni. Anyamata a pamalopo anadzaza mchenga m'matumba a chimanga n'kuwakankhira kunsi kwa siteji mpaka kugunda matabwa, makamaka pamene bambo amakhala. Nditapondanso pangodya paja, masabu anangoti zii. Pomaliza ndinayesa batani lotembenuza polarity, limene limazondotsa funde la mawu, pa tchanelo cha kabokosi. Mbali imodzi inkalola kukweza kwambiri kulira kusanayambe, ndipo ndinasiya pamenepo. Limeneli liyesedwe pamalo aliwonse, chifukwa yankho lake limasintha ndi mtunda wa pakati pa sabu ndi woyimba.

Khoma la nyumba yodyera nalo linali ndi mlandu wake. Mawu kupita mamita 20 ndi kubwerera ndi mamita 40, ndiye kuti amabwerera pakatha pafupifupi 0.12 ya sekondi. Kwa munthu amene sakumva phazi lake pafupi, chimene amamva ndi chobwereracho, mochedwa, ndipo chimamusokoneza. Ndinafotokozera mwini malo, anavomera, ndipo amuna asanu ndi mmodzi ananyamula siteji tisanaike matumba aja n'kuipendeketsa kuti iyang'ane cha kunyanja.

Magetsi

Kung'ung'uza kuja kunali kwa magetsi. Magetsi athu ndi a 230 V pa 50 Hz, ndipo 50 Hz ili m'dera lomwelo la kugunda kwa phazi. Ukakweza bezi ya kabokosi wakwezanso kung'ung'uza, ukakudula ndi EQ wadulanso kabokosi. Kumafunika kuthetsedwa kumene kwalowera. Kwakukulu kunkalowera pa chingwe cha gitala cha mamita 10 chija, chimene chinagona limodzi ndi waya wa mababu. Chingwe cha jack chilibe chitetezo cha XLR, ndipo chikakhala pa piezo chimatola phokoso lililonse. Chitafupika kufika mamita 2, phokoso lambiri linatha. Lotsalalo linatha titachotsa firiji ndi ketulo ya kukhitchini pa waya umene unkadyetsa zida zanga.

Apa ndinene mosabisa mawu. Pali chizolowezi chothyola mwendo wa earth pa pulagi kuti kung'ung'uza kuthe. Kumathadi nthawi zina, koma pagombe pali mchenga wonyowa, oyimba ambiri amakhala osavala nsapato, manja ali pa nsambo zachitsulo, milomo ili pa maiki. Chida chimodzi chikangolakwika m'kati, magetsi amadutsa mwa munthuyo. Ngati kung'ung'uza kukuchokera ku earth, pa DI pali batani la ground lift limene limadula earth ya chingwe cha mawu chokha, osati ya chitetezo.

Panalinso china chimene ndinachiona bezi itabwerera: phazi likagunda, mababu a pasiteji ankaphethira. Waya wochokera ku jenereta unali wautali komanso wowonda, wa 1.5 mm², wina utatsala wopinda pa gudumu lake. Ndinabweretsa wanga wa 2.5 mm² n'kuutambasula wonse. Kuphethira kunachepa kwambiri.

Loweruka lachiwiri

Bambo anafika akutsimphina pang'ono. Nthawi ino tinayesa kwa theka la ola, alendo asanabwere. Ndinayamba ndi monita yawo, masipika a anthu ali ozimitsa. Monita ya mainchesi 12 siitulutsa bwino 60 Hz, ndipo ukaiumiriza umangoitana kulira. Ndinawapatsa thupi la mawu cha pa 100 mpaka 200 Hz pamodzi ndi kugogoda, ndipo ndinawapempha kuti aponde mofatsa, ngati akuyimbira pakhomo pawo.

"Pondani pang'ono chabe, bambo. Mphamvu isiyireni makina."

Anaponda, anamwetulira, n'kupondanso. Gain ndinaitchera pa kuponda kofatsa kumeneko, osati pa kwamphamvu. Ichi ndi chimene ndinachiphonya sabata yoyamba: woyimba amaponda molingana ndi zimene akumva, ndiye amene ali pa mikisa ndi amene amasankha kuti mwendo ugwire ntchito yochuluka bwanji.

Babatoni ndi kabokosi zonse zimakhala pansi, ndipo zikasiyidwa zimaphimbana. Ndinazigawira malo. Pansi penipeni ndinasiyira kabokosi, babatoni ndinaichepetsa pang'ono pamenepo n'kuikweza cha pa 120 mpaka 250 Hz, pamene kulira kwa waya wake kumamveka bwino. Mamaiki a mawu onse ndinawadinikizira low cut ndi kuwaveka siponji, chifukwa mwera ukamawomba pa maiki yosavala umalowa m'masabu ngati bingu.

Ndinalakwitsanso chimodzi tsiku limenelo. Poopa kuti kulira kungabwerere, ndinaika gate pa kabokosi, kachipangizo kamene kamatsegula tchanelo mawu akafika pa mlingo winawake n'kutsekanso. Kwa ine zinkamveka zaudongo. Nyimbo ziwiri zitatha, bambo anandikodolanso.

"Achimwene, mwandibera mapazi ena."

Sindinamvetse mpaka nditagwada pambali n'kuyang'anitsitsa phazi lawo. Pakati pa kugunda kwakukulu, chidendene chinkakhudza thabwa kamodzi kapena kawiri mopepuka, ngati chikunong'ona. Kukhudza kumeneko ndi kumene kumapatsa nyimbo zawo kudendekera kwake, ndipo gate inkakumeza konse. Kunkatsala gu, gu, gu wowuma ngati wa makina. Ndinaichotsa. Siteji inali itakonzedwa kale, gate inalibe ntchito. Usiku umenewo anthu anavina mpaka fumbi la mchenga kulowa m'mikisa, nyimbo sizinathamange, ndipo bambo anavala nsapato okha.

Loweruka lachitatu: ng'oma ya chikopa

Ntchito yachitatu inali pamalo ena, cha ku Cape Maclear, ndipo eni ake anatumiza galimoto. Bambo anati poti mayendedwe alipo, atenga ng'oma yawo yakale. Ndinasangalala, chifukwa kunena zoona kabokosi ngakhale kakonzedwe bwanji sikafika pa kukoma kwa chikopa. Chikopa chimapuma, mawu ake amatsika pang'ono akamatha, ndipo thabwa silingachite zimenezo.

Koma ng'oma ili ndi zake. Imafuna maiki, ndipo maiki imamva zonse zozungulira. Ndinalibe maiki yopangidwira ng'oma ya bezi, ngati Shure Beta 52A kapena AKG D112, ndiye ndinagwiritsa ntchito SM57, imene imatsika mpaka 40 Hz. Ndinailowetsa kukamwa kwa ng'oma, mbali yopanda chikopa, n'kuiyandikitsa. Maiki ya mtundu umenewu ikayandikira chinthu imawonjezera bezi yokha, ndipo apa zinatithandiza. Sindinaiike pa sitandi, chifukwa sitandi imakweza kunjenjemera kwa pansi. Ndinaigoneka pa siponji yokhuthala m'kati mwa ng'omamo, ndipo kukamwako tinaphimbako chitenje chopinda kuti mphepo ndi mawu a babatoni zisalowe.

Vuto linabwera ndi usiku. Pagombe dzuwa likangolowa chinyezi chimakwera, ndipo chikopa chimamwa chinyezicho n'kulefuka. Masana ng'oma inali yolimba, yolira bwino. Pofika cha m'ma 9 koloko inayamba kumveka phwa, phwa, ngati chikwama chonyowa, ndipo ndinaona bondo lija layambanso kunyamuka. Nthawi ino sindinathamangire mabatani. Tinapempha mbaula kukhitchini, ndipo pa nthawi yopuma muphwa wawo anaiwamba ng'omayo, akuizunguza patali ndi makala, akuisisita ndi chikhatho, akuigogoda ndi chala kuti amve pamene yafika. Ili ndi luso limene oyimba ng'oma za magule athu akhala nalo kuyambira kale, ndipo ine ntchito yanga inali kungochotsamo maiki ndi siponji zisanayandikire moto. Bambo ndiwo ankalamula. "Basi, chotsa. Ikapitirira ing'ambika." Pakati pa chikopa panali phula lawo lakale limene limatsitsa mawu, ndipo analikanikiza ndi chala chachikulu likadali lofewa.

Chimene wa pamikisa ayenera kudziwa n'chakuti ng'oma ikangochoka pamoto mawu ake amakwera, ndipo pamene inkalirira masana si pamene ikulirira tsopano. Titabwerera inayamba kukoka kulira cha pamwamba pang'ono pa pamene ndinadula poyamba, ndipo ndinasuntha EQ kutsatira. Ikamazizira imatsikanso. Tinaiwamba kawiri usiku umenewo, ndipo kawiri konse ndinakonzanso tchanelocho.

Pamene zinthu zili tsopano

Tinagwirizana kuti pamalo pamene pali galimoto ndi nthawi yopuma azitenga ng'oma, pa ntchito zing'onozing'ono ndi zoyendera kabaza azitenga kabokosi. DI ija ndinabweza kwa mwini wake. Bambo anagula pedulo ya tuner yakale kwa woyimba wina, ndipo m'chikwama cha gitala tsopano mumakhala peduloyo, mabatire awiri a 9 V, chingwe chachifupi ndi zidutswa zinayi za patapata. Pa kabokosi ndinamatapo kapepala kolembedwa ndi pentopeni, kuti aliyense wa zokuzira mawu amene angakumane naye kwina awerenge: low cut izimitsidwe, gate isaikidwe, sabu isakwere pasiteji, yambani ndi monita.

Chimene sichinathe ndi silabu ya simenti. Ndi yolemera, munthu sangayende nayo pa njinga, ndipo si malo onse amene ali nayo. Pakadali pano tikuyesa thumba laling'ono la nsalu yolimba, limene amalinyamula lopanda kanthu n'kulidzaza mchenga akafika, pamwamba pake n'kuyalapo thabwa lokhuthala. Pasiteji ya matabwa tayesapo kamodzi, ndipo kulira sikunabwere, koma thabwalo linkasendera kutsogolo pang'onopang'ono mpaka bambo kumalikoka ndi phazi pakati pa nyimbo. Kalipentala wanena kuti alikhomera timilomo kunsi kuti tizigwira thumbalo, ndipo tikaliyesa pa chinkhoswe cha mwezi wamawa ku Malindi.